Inayo ndi ya Alamu Anu

Turffontein, Joni
5 Malichi 2023

Okondedwa amake Keziya,

Moni wanga ukupezeni muli bwino, inu ndi mwana, pamodzi ndi Amama. Ine kuno ndadzuka, palibe pomwe pakupweteka.

Musadabwe kuona kalata ngati tabwerera m'masiku a makolo. Foni ya pakhomopo si yanu nokha. Ndikatumiza mawu, Amama amati muwatsegulire pakhonde, ndipo pofika madzulo Chilumba yense mpaka kujeti wadziwa zomwe Fumbani wanena. Ndiye ndaganiza kuti zathu ziziyenda m'katoni ya Allan, uja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno. Kalata muziipeza pansi pa sopo. Ndikulemba m'Chichewa cha kwanu ku Dowa kuti ena akaitola avutike nayo pang'ono. Pomwe ndapotoza musandiseke, munakwatiwa nane mukudziwa.

Ntchito ikadali yomwe ija ya ku bekale. Timapakira buledi m'lole n'kumatula m'timashopu ta m'makomboni, adiraiva kutsogolo, ine kumbuyo ndi makireti. Pobwerera timatenga buledi ndi mabanzi amene sanagulidwe, timangoti zobwerera. Bwana amazigulitsa kwa munthu wina woweta nkhumba. Tangoganizani, nkhumba za kuno zimadya mabanzi a kirimu, pamene ife kwathu sikono imodzi tinkagawana atatu.

Kwa Allan ndapereka shuga, sopo, mafuta ophikira ndi nsapato za Keziya. Zikamukulira muikemo pepala kutsogolo. Ndalama ndatumiza pafoni, ndipo ya malata musaikhudze ngakhale wina abwere akulira. Kuno zinthu zakwera. Chipinda chomwe tikukhala ndi Morton, mwana wa a Gondwe a ku Sangilo uja, akwezanso lendi. Ndiye ine ndasiya za kadzutsa ndi nkhomaliro, tiyi wopanda kanthu amandifikitsa madzulo. Sindifa nazo, bola denga likwere chaka chino.

Chithunzi mwapemphacho ndijambulitsa. Buluku la pa ukwati wathu lija silikundikwananso, kaya nsalu za masiku ano zimachepa zikachapidwa.

Ndine wanu,
Bambo a Keziya

14 Meyi 2023

Amake Keziya,

Ndikhulupirira malungo a mwana aja anatheratu ndipo wabwerera kusukulu. Ine ndili bwino, kungoti mpweya umandithera ndikanyamula makireti pa masitepe.

Mpunga wa Kilombero ndi usipa munatumiza zinafika, yewo chomene. Musandifunse kuti zinakhala masiku angati.

Nkhani ya chithunzi ndaimva mbali zonse. Akuti Amama anayenda nayo foni mpaka kwa amayi anzawo a kutchalitchi, akuonetsa aliyense kuti, "Mwana wane watutuwa, Joni yamutemwa." Ndiye poti ndanenepa, ndasanduka bwana. Sabata yomweyo mlongo wanga Cathy akufuna foni yatsopano, adada aakulu akufuna ukonde, ndipo wina amene sindinamuone chichokereni ku pulayimale akundiitana kuti bigi. Palibe anafunsa ngati ndikupeza tulo. Anangoona masaya n'kuyamba kutambasula manja.

Koma chomwe chandibaya ndi chanu. Mzere umodzi wokha, pansi penipeni pa kalata, mwati, "Akukuphikirani ndani?" Zaka zonse munandiphikira inu sindinanenepe, ndiye mwaona kuti dzanja lomwe lakwanitsa liyenera kukhala la mkazi wina. Ndinaseka ndekha, kenako mtima unandiwawa. Leticia, m'chipinda muno muli mabedi awiri, sitovu imodzi ndi masokosi a Morton. Mkazi amene angalowe muno ndiye kuti wasochera.

Kunenepa kwina si kwa mtendere. Ndingolekera pomwepo.

Chinangwa cha kumunda wa kumtunda musagulitse chonse, musiyeko cha ufa. Cathy mumuuze kuti foni ali nayoyo ikuimbabe, popeza ndi yomwe amandivutitsira. Ukonde wa adada aakulu ndiona mwezi wamawa, musawalonjeze kanthu.

Masiku ano Lamulungu sindikupita kutchalitchi, Morton amapita yekha, ine ndimatsala kupumula. Mukaimba masana foni osayankhidwa, musaganize zambiri.

Wanu yemwe uja,
Fumbani

23 Julayi 2023

Amake Keziya,

Ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndipo malata afika pakhomo. Kuno kukuzizira mpaka zala kukanika kugwira cholembera. Thupi lilipo.

Pali chinthu ndakhala ndikuchizungulira m'makalata onsewa. Lachinayi lapitali mwini shopu wina anandikalipira pamaso pa anthu, akuti ife obwera tikuwathera ntchito. Mukudziwa kuti mapepala anga anatha kale mphamvu, ndiye ndinangotola makireti n'kutuluka. Ndinakwera kumbuyo kwa lole, chitseko n'kutsekedwa, ndili ndekha ndi zobwerera. Ndinati ndidye banzi limodzi lokha.

Amake Keziya, sindikudziwa kuti manja aja anali a ndani. Ndinkang'amba pepala la lina, loyamba ndisanameze. Kukoma sindinkakumva. Ena anali atayamba nkhungu, ndinkangochotsa ndi chala. Ndipo nthawi yonseyo m'mutu munali zii. Mawu a munthu uja, lendi, foni ya Cathy, zonse zinazima, ndipo ndikuuzeni zoona, mtendere umenewo ndinali ndisanaumve sabata yonse. Pomwe adiraiva amatsegula chitseko, m'kireti munali mapepala okhaokha, ine ndikulephera ngakhale kuwerama. Anaseka mpaka kugwirira lole. Bwana wandidula malipiro, ndipo ku bekale dzina langa tsopano ndi Nkhumba ya Bwana.

Aka sikanali koyamba. Si njala ayi, njala ndimaidziwa, ndinakula nayo. Ichi chimabwera ndi kuthina pachifuwa, maganizo n'kumangozungulira pa chakudya ngati ntchentche, ndipo ndikayamba sindingasiye mpaka mimba ipweteke.

Ndinakaonana ndi abusa a mpingo wa Amalawi kuno. Anandigwira pamutu n'kunena kuti ndi mzimu wa dyera, ndisale kudya masiku atatu. Ndinasala ndi mtima wonse. Tsiku lomasula ndinadya kuposa kale lonse, mpaka ndinasanza, n'kudyanso. Nditabwerera kukawauza anati chikhulupiriro changa n'chochepa, ndiwonjezere masiku. Sindinapitekonso.

Ndalama ya mwezi uno yachepa, mwamva chifukwa chake. Amisiri a denga muwauze adikire. Izi ndalemberani inu nokha, kalatayi mukawerenga muibise.

Fumbani

10 Sepitembala 2023

Leticia,

Moni ndikupatsani chifukwa ndinaleredwa, koma mtima wanga suli bwino, ndipo ndikudziwa kuti wanunso suli bwino. Keziya mumuuze adadi ake amukumbuka.

Ndiye Morton wapita kukaika bambo ake ku Sangilo, anthu asanabalalike n'komwe pamaliro iye wayamba kale kugawa nkhani zanga. Munthu amene ndinamulandira kuno atanyamula jumbo lokha. Wauza mkazi wake, mkazi wake wakwera minibasi mpaka pakhomo panu, akuti Fumbani Lamulungu lililonse amadzikhomera m'chipinda, ndipo amagula mbale ziwiri kwa Angela, ina ya mkazi.

Sindikana. Sananame, ndipo n'chomwe chikundipweteka kwambiri. Angela ndi mayi wa ku Nkhata Bay amene amaphika zakwathu n'kumagulitsa pa geti la yadi yathu Lamulungu masana, kondowole, mpunga, nkhuku, nthochi zophika ndi nyama. Tsiku loyamba ndinagula mbale imodzi, posakhalitsa n'kubwereranso kukagula ina. Anangoyang'ana mimba yanga. Sabata yotsatira manyazi anandigwira ndili pamzere, ndipo pakamwa panangotuluka kuti, "Mundipatse ziwiri, inayo ndi ya alamu anu." Anasangalala mayi uja, n'kuwonjezera kachiwindi pa mbale ya alamuwo. Kuyambira pamenepo amandifunsa kuti alamu adzuka bwanji, ine n'kumayankha kuti adzuka. Tsiku lina ndinafika ponena kuti alamu ali ndi alendo.

Mkazi mnzanuyo ndi mbale yachiwiriyo. Ndimalowa naye m'chipinda, ndimakhoma chitseko, ndimadya mbale yanga ndi yake chiimire, kenako buledi, kenako chilichonse chomwe chili m'kabati, ngakhale shuga wa Morton ndi supuni. Ndikamaliza ndimagona pasimenti chifukwa mimba siilola china, ndipo ndimalira. Mwamuna wamkulu, bambo wa mwana. Mbale zapulasitikizo ndimakataya kumsewu wina kuti Morton asazione. Lolemba ndimalumbira kuti sindidyanso, ndimakhala ndi tiyi yekha, ndipo Lamulungu likafika zimayambiranso.

Ndinaona kuti bola anthu a pa geti aziti ndili ndi chibwenzi kusiyana n'kuti adziwe kuti ndimadya ngati fisi. Sindinaganize kuti bodza la pa geti lingakwere basi mpaka ku Chilumba.

Mu Julayi ndinakuuzani za m'lole. Munayankha kuti ndizidya pang'ono, basi, n'kupitiriza nkhani ya misomali ya denga. Tsopano mukuti kalata ija ndinailemba pofuna kuphimba za mkaziyo. Ndani amaphimba chibwenzi ndi chinthu chochititsa manyazi kuposa chibwenzicho?

Mafuta ndi sopo zili m'katoni. Kadiresi kofiirako n'ka Keziya.

Fumbani

29 Okutobala 2023

Amake Keziya,

Kalata yanga yapita ija simunayankhe, koma Allan wandiuza kuti anakuonani kumsika muli bwino ndipo mwana wakula. Zimenezo zandikwanira.

Ine ndinachita chizungulire pantchito, adiraiva ananditula ku kiliniki. Akuti magazi akuthamanga kwambiri ndipo shuga watsala pang'ono kundigwira. Anamwino ake ndi mayi wachikulire, Mzulu. Anandifunsa kuti ndimadya bwanji, ine n'kunena kuti bwinobwino. Anaika cholembera pansi n'kungondiyang'ana, osathamanga. Kaya chinandilowa n'chiyani, ndinawauza zonse, za m'lole, za alamu, zonse. Sanaseke, Leticia. Munthu woyamba.

Akuti ndi matenda odziwika, ali ndi dzina lake m'Chingerezi, ndipo amawaona mwa azimayi ndi azibambo omwe. Akuti si dyera ndipo si mzimu. Thupi ukalimana chakudya tsiku lonse, sabata yonse, silidziwa kuti ukusungira malata. Limangodziwa kuti kwagwa chilala, ndiye likapeza mpata limakokera zonse m'kati. N'chifukwa chake kusala kwa abusa kuja kunangowonjezera moto.

Kenako anandifunsa kuti nthawi iliyonse chisanandigwire pamakhala patachitika chiyani. Ndinayamba ndati palibe. Nditaganiza ndinapeza kuti chilipo nthawi zonse. Mwina wina wanditukwana, mwina foni yachokera kwathu yofuna zinthu, mwina ndi Lamulungu masana, yadi yonse ili ndi mabanja awo, ine ndikuyang'ana khoma. Akuti chakudya chimatseka pakamwa maganizo kwa kanthawi, ndiye mutu unaphunzira kuthawira komweko. Manyazi akabwera ndimadzilanga ndi njala, njalayo n'kundibwezeranso pomwe ndinayambira.

Mankhwala ake mungaseke. Akuti ndizidya. M'mawa, masana, madzulo, pa nthawi yake, nditakhala pansi, ngakhale dzulo lake nditalakwitsa. Akuti chilakolakocho chimakwera ngati mafunde a mwera, koma ukachidikira osachimvera chimatsika chokha, ndiye chikayamba ndizituluka panja kapena ndiziyankhula ndi munthu. Ndayesa. Masabata ena ndapambana, ena ndagwa. Andilembetsanso kuti ndizikaonana ndi mlangizi, koma mzere wake ndi wautali.

Ndiye kudya katatu kutanthauza kuti ndalama yotumiza ichepa pang'ono. Amama muwauze mwanzeru zanu.

Anandifunsa ngati ndili ndi munthu woti ndizimuimbira chikandigwira. Ndinatchula inu. Sindikupempha zambiri. Lamulungu mukaweruka kutchalitchi muziingoliza foni, ndiziimba ndine. Muzindiuza za Keziya, za nkhuku, ngakhale kundikalipira kumene, bola ndimve mawu a munthu mpaka chidutse.

Ndine mwamuna wanu,
Fumbani

17 Disembala 2023

Amake Keziya,

Ndamva kuti muli moyo nonse. Inenso ndilipo.

Foni ya Lamulungu ija ndinaidikira. Yomwe inalira ndi ya Cathy, kundifotokozera za bwalo lomwe munakhala pakhomo, ankhoswe a mbali zonse, achimwene anu atachokera ku Dowa. Makalata omwe ndinkabisa pansi pa sopo akuti anawerengedwa pamaso pa onse, wina akumasulira m'Chitumbuka kuti pasakhale wotsalira. Cathy akuti munawatulutsa nokha. Kaya munkafuna kunditeteza, kaya kundipachika, sindikudziwa, ndipo ndikuopa kufunsa.

Akuti pofika pa mawu a anamwino, adada aakulu anagwetsa chipewa ndi kuseka. "Kasi kurya nako ni nthenda?" Kudyanso n'kukhala matenda? Bwalo lonse linaseka nawo. Amama analira, akuti mwana wawo sangadye za nkhumba, zimenezo ndapeka. Za mkazi ndiye anazimvetsa onse mosavuta. Akuti mwamuna ali ku Joni zaka zitatu, palibe chachilendo, agogo athu omwe a kumigodi ankatero. Cholakwa changa akuti n'kukana, ndi kupeka matenda opusitsa akuluakulu.

Ndiye chigamulo ndachimva. Ndivomere, ndimusiye mkaziyo, ndipereke mbuzi yopepesera kwa abale anu, nkhani ithe. Ndikapitiriza kukana, achimwene anu akutengani kupita ku Dowa, ndipo Keziya atsala ndi Amama poti ng'ombe za malowolo zinaperekedwa zonse. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi asiyane ndi mayi ake chifukwa bambo ake anachita manyazi kugula mbale ziwiri.

Ndikanakhala ndi chibwenzi chenicheni bwenzi pano nkhani itatha, anthu akudya mbuzi. Ndinaganiza zopempha Angela ayankhule nanu, koma adzanena chiyani? Iye amene amawapatsa moni alamuwo sabata iliyonse.

Sabata yomwe ndinamva zimenezi ndinagwanso, koipa. Lolemba lake ndinadya phala m'mawa monga anandiuzira anamwino, misozi ikugwera momwemo.

Za Khirisimasi zili m'katoni. Mabisiketi ndi a mwana, asagawidwe.

Fumbani

4 Febuluwale 2024

Amake Keziya,

Moni kwa inu ndi mwana. Ndamva kuti mvula ikugwa bwino ndipo denga silikudontha. Ine magazi atsikako pang'ono, lamba ndabweza bowo limodzi.

Mbuzi ija akuti inali yonona, achimwene anu anabwerera ku Dowa okhutira. Nditavomera za mkazi uja, adada aakulu anandiimbira kundiyamika kuti tsopano ndayankhula ngati mwamuna. Anafunsa dzina la mkaziyo, ndinati Ireen, dzina lomwe ndinaliona pa chikwangwani cha saluni ndikuyankhula nawo. Anafunsa kwawo, ndinati ku Zimbabwe, kuti pasapezeke wokamufufuza. Anandilangiza kuti ulendo wina ndizisamala, zoterezi sizifika kunyumba. Amama akuti ayambanso kuyenda mutu uli m'mwamba.

Keziya ali ndi mayi ake, ali pakhomo pa bambo ake. Chomwe ndinkafuna ndi chimenecho, ndipo sindikudandaula za mbuzi.

Lamulungu lapitali ndinaima pa geti n'kunena kuti, "Mbale imodzi." Angela anaimitsa chipande. Anati, "Nanga alamu?" Ndinati anapita. Anandimvera chisoni mayi uja, akuti akazi a masiku ano sapirira, n'kundiikira kachiwindi kaja pa mbale yanga. Ndinakhala pa benchi pomwepo, pamaso pa anthu, n'kudya pang'onopang'ono mpaka kumaliza. Nditalowa m'chipinda chinandigwira ndithu, pachifuwa pomwe paja, ndiye ndinatuluka n'kuyenda mpaka ku Rosettenville ndi kubwerera, foni ili m'manja. Pofika pakhomo chinali chitatsika.

Kwa mlangizi uja ndayamba kupita. Morton ndinasiyana naye chipinda, ndikukhala ndi mnyasa wina wa ku Iponga amene sadziwa kalikonse za ine.

Kalata yanu ndinailandira, ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopindamo. Mwalemba bwino, Leticia. Mwati mwandikhululukira ndi mtima wonse, mwati satana amayesa aliyense, mwati dzina la Ireen lisadzatchulidwenso m'nyumba mwathu. Ndathokoza. Zaka zonsezi simunandilemberepo mawu okoma chotere, ndipo mwandilembera chifukwa cha mkazi amene sanabadwe n'komwe.

Ndinafufuza tsamba lonse, kutsogolo ndi kumbuyo, ngati pena mwafunsa kuti Lamulungu ndikumalidutsa bwanji. Chomwe ndinapeza chili pansi penipeni, pomwe paja munalemba funso loyamba lija loti akundiphikira ndani. Mwati poti mkaziyo wachoka ndipo palibenso wondiphikira, mwapereka kwa Allan thumba lonse la mpunga, usipa, ufa wa kondowole ndi mtedza, kuti ndidye ndikhute, ndisaonde anthu angaseke.

Katoniyo yafika dzulo. Ili pakona apo, sindinaimasule, ndipo lero ndi Lamulungu. Foni ndaitchaja.

Ndine wanu,
Bambo a Keziya